Tsiku Limene Anatsuka Fumbi Langa

Ntchito yanga yoyamba inali yoweta fumbi. Anthu amaseka ndikanena choncho, koma ine sindinkaseka nthawi imeneyo.

Nditamaliza digiri yoyamba ya fizikisi ndinabwerera ku Lilongwe n'kumakhala kwa azakhali ku Kawale, kuphunzitsa masamu ana a oyandikana nawo podikira kuti mwina kwinakwake kutseguka. Tsiku lina mphunzitsi wanga wa ku koleji, amene tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala, anandiimbira foni. Anati ali ndi kafukufuku wofuna munthu wokhala mu Lilongwe, ndipo amene angamugwire adzalembera pomwepo digiri yachiwiri. Ndinavomera asanamalize n'komwe kufotokoza.

Funso la kafukufukuyo linali losavuta kumva: fumbi la nyengo yopanda mvula limaba magetsi ochuluka bwanji likaunjikana pa sola? Anandipatsa masola awiri ofanana ngati mapasa. Kwa azakhali kunali mitengo ya mango yotchinga dzuwa, choncho ndinakachita lendi chipinda ku Area 25, kwa mayi Nachisale, mayi wamasiye amene anali ndi mpanda wa njerwa ndi bwalo loyera kuseri kwa nyumba. Kumeneko tinaimika chimango chachitsulo chofika m'chiuno n'kumangirira masola aja moyandikana.

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwere, ndinkapukuta ya kumanja ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera opanda sopo. Ya kumanzere inali yosakhudza. Osapukuta, osauzira, ndipo ngakhale mbalame isiyepo zake, ndinkangojambula chithunzi n'kuzisiya momwemo. Pansi pa chimango panali kabokosi kotchedwa loga, kamene kankalemba magetsi otuluka mu sola iliyonse n'kumasunga pa kakhadi konga ka m'foni. Masana ndinkabwera ndi mita ya m'manja kudzatsimikiza kuti loga sikunama. Pakutha pa sabata ndinkasamutsira manambala onse mu laputopu n'kuwatumiza kwa a Dokotala.

Kusiyana kwa masola awiriwo ndiye inali digiri yanga. Vuto lake, fumbi silifulumizidwa. Linayenera kuunjikana lokha kuchokera pamene mvula yatha mpaka pamene yoyamba yagwa, ndipo mwezi wofunika kuposa yonse unali Okutobala, pamene akamvuluvulu amanyamula msewu wonse wa Area 25 n'kuukhuthulira m'makomo mwa anthu. A Dokotala ananena mosabisa: "Ya kumanzereyi ikangotsukidwa mvula isanagwe, chaka chapita."

Tsono ine ndili ndi matenda anga. Kuyambira ndili mwana ndimapanga magalimoto a waya. Amayi anga ankati ndi za anyamata ndipo ndidzasiya ndikatha msinkhu, koma ine ndinangowonjezera luso. Ndimachotsa timamota m'mawailesi akufa, mabatire m'mafoni otayidwa, matayala ndimadula ku mapatapata akale, ndipo galimoto yanga imayenda yokha popanda ndodo yokankhira. Loweruka lililonse tinkakumana ku Biwi, kuseri kwa shedi ya Yusufu, mnzanga wowotcherera zitsulo, yemwenso anandipangira chimango chija. Tinalipo anthu akuluakulu ndithu, ena apabanja. Wina ankajambula makatuni a ngwazi zouluka zolankhula Chiyao, wina ankamanga ndege ya makatoni imene sinaulukepo chiyambire. Tinkathamangitsa magalimoto athu pa simenti, tikukuwa ngati tili ku mpira.

Masiku oyamba kwa mayi Nachisale, masola asanabwere, ndinkakhala pakhonde madzulo ndi pulayazi ndi waya wanga. Iwo ankabwera ndi lichero la mtedza n'kukhala pambali panga. "Koma inu a Tadala, sukulu yonse ija kuti muzidzapinda mawaya?" ankatero, kenako n'kufunsa ngati lole imene ndinkapangayo idzakhala ndi magetsi akutsogolo.

A Dokotala atabwera kudzamanga masola, analowa m'chipinda mwanga kuti aone laputopu, ndipo maso awo anagwera pa shelefu.

"Izi ndi za adzukulu a landilodi?"

"Ndi zanga, a Dokotala."

Anavula magalasi. Sanakalipe, analankhula ngati bambo wodera nkhawa mwana wake. "A Tadala, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona ophunzira anzeru ambiri akulephera kumaliza. Izi muziike m'katoni mpaka mudzavale gauni."

Ndinamvera, chifukwa ndinkawalemekeza komanso ndinkaopa. Magalimoto analowa m'katoni, katoni inalowa kunsi kwa bedi. Ku Biwi ndinasiya kupita. Pakhonde ndinasiya kukhala. Ndikamaliza kupukuta m'mawa ndinkalowa m'chipinda, kutseka chitseko, kuika zomvera m'makutu n'kuyamba kulimbana ndi mapepala a akatswiri ndi masamu otalika ngati msewu wa ku Mchinji. Pa chimango ndinapachikapo kakatoni kolembedwa kuti OSAGWIRA. Tsiku lina mayi Nachisale anandifunsa ndikudutsa kuti, "Bwanji inayo simuipukuta?" Ndinangoyankha kuti, "Ndi za sukulu, amayi," n'kupitirira, poti ndinali ndi zowerenga.

Miyezi imeneyo inali yowawa. Ndinkayesa kuti ndikasiya zoseweretsa mutu wonse udzakhala wa fizikisi, koma mutu unangouma. Ndinkawerenga tsamba limodzi kubwerezabwereza osatolapo kanthu. Zala zinkayabwa, moti ndinkapezeka ndapinda waya wa chaja osadziwa. Yusufu ankanditumizira uthenga: "Asisi, mwatitaya? Ndege ija yatsala pang'ono kuuluka." Sindinkayankha. Chimene chinkanditonthoza chinali chimodzi, sola ya kumanzere inkafiira sabata ndi sabata, ndipo manambala ake ankatsika bwino lomwe. Ndinkalinyadira fumbi lija.

Chakumapeto kwa Sepitembala, Loweruka lina, kunali chinkhoswe cha mwana womaliza wa mayi Nachisale. Mwambo unali ku holo, koma zophika zonse ndi kudya kwa akuchimuna zinali pakhomo. Kutangocha, azimayi a ku tchalitchi anali atadzaza kale kuseri ndi mapoto akuluakulu ndi nkhuni. Ndinapukuta sola ya kumanja monga mwa masiku onse, ndinawapempha kuti moto ausonkhe patali ndi chimango chifukwa cha utsi, ndipo anasuntha mafuwa mosanyinyirika. Kenako ndinalowa m'chipinda n'kutseka makutu.

Dzuwa litakwera, phokoso la nthungululu ndi zokuzira mawu linapyoza ngakhale zomvera zanga. Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Yusufu. "Lero kuli mpikisano waukulu, asisi. Mukapanda kubwera tikulengeza kuti lole yanu inathawa."

Ndinayang'ana tsamba limene ndinali nditalikhalira chiyambire m'mawa. Ndinakoka katoni, kutulutsa lole, kuikulunga m'chitenje ngati ndaba, n'kutulukira geti lakutsogolo.

Sindingabise, tsiku limenelo ndinasangalala. Lole yanga inaguluka tayala ikuyamba kumene kuthamanga n'kumazungulira malo amodzi, anthu akugwa ndi phwete. Ndege ija inaponyedwa kuchokera padenga la shedi n'kugwera m'ngalande. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo pokwera minibasi yobwerera ndinkamva ngati munthu amene wachira malungo.

Nditafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndinatenga mita n'kuzungulira kuseri. Masola onse awiri ankanyezimira.

Ndinasendera pafupi. Ndinayendetsa chala pa galasi la kumanzere, chala chinabwerako choyera, chikununkhira sopo. Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa phulusa ndi makoko a anyezi. Maganizo oyamba amene anandibwerera anali oti ichi ndi chilango. Tsiku limodzi lokha limene ndatsegula katoni, digiri yapita. A Dokotala ananena.

Mayi Nachisale anatulukira atavala chitenje cha chinkhoswe, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Mwaona mmene zawalira? Inayo ndiye inachita kufuna sopo."

"Amayi, mwandipha," ndinatero.

Kumwetulira kunazima. "Ndaswa chinthu?"

"Fumbi lija ndi limene ndimayeza. Ndi limene ndimalembera mayeso."

Anandiyang'ana, anayang'ana sola, n'kundiyang'ananso. "Akuchimuna amabwera kudzadyera kuno, mwanangu. Ndinati akaona chinthu chakuda chonchija pambali pa chinzake choyera, adzati mtsikana wophunzira uja ndi wauve, amapukuta mbali imodzi. Sindinafune kuti akunyozeni pakhomo panga."

"Nanga chikwangwanichi?"

"Ndimayesa n'cha ana, kuti asamakoke mawaya. Ine mawaya sindinagwire."

Ndinafunsa ngati anatsuka nditachoka. Anapukusa mutu. "M'mawa, muli momo. Ndinagogoda kuti ndikufunseni, koma munali mutatseka makutu ndi tizingwe tanu tija."

Pamenepo ndi pamene ndinawafotokozera koyamba ntchito yanga yonse: chifukwa chake masola ali awiri, chifukwa chake ina sitsukidwa, chifukwa chake Okutobala ndi wofunika. Sizinatenge nthawi yoti madzi n'kuwira, ndipo anamva zonse bwinobwino. Akumva, mapewa awo ankagwa. Nditamaliza anawerama ndi chitenje chawo chatsopanocho, n'kutapa dothi lodzaza dzanja.

"Nanga tikathirapo lina, mwanangu? Fumbi ndiye kuno sitisowa."

Ndinaseka misozi ikutsika. Mkwiyo unalipo, wambiri, koma unasowa pokhala. Mayi ameneyu, pa tsiku la mwana wake, alendo ali m'nyumba, anapeza nthawi yoteteza ulemu wanga ndi ndowa ya madzi. Ndinawagwira dzanja, kulikutumula, n'kuwauza kuti apite kwa alendo, tidzakamba mawa. Usiku wake sanadye, anandiuza pambuyo pake mwana wawo.

Lolemba ndinaimbira a Dokotala n'kuwauza zonse, ndi za ku Biwi zomwe. "Lembani tsikulo ndi zimene zachitika, musabise kanthu," anatero. "Zimene mwayeza ndi zabwino, koma popanda Okutobala palibe digiri. Tidzayambiranso mvula ikadzatha."

Choncho anzanga amene tinayamba limodzi anavala magauni ine ndikupukutabe galasi ku Area 25. Zinandipweteka, ndipo sindinamizira kuti chaka chimenecho chinabwerera. Koma m'miyezi ya mvula, podikira kuyambiranso, ndinali ndi nthawi yoganiza. Sola inatsukidwa ine ndili m'chipinda, ndikuchita ndendende zimene wophunzira wakhama amayenera kuchita. Ndikanakhala kuti miyezi yonse ija ndinkakhalabe pakhonde ndi waya wanga, funso lija la mayi Nachisale likanayankhidwa kalekale, pakati pa mtedza ndi nthabwala.

Poyambiranso ndinawauza a Dokotala mwaulemu kuti katoni ija ndaitsegula ndipo sinditsekanso. Anapuma mozama pa foni. "Bola manambala azibwera," anatero, ndipo ankabweradi. Ndinagawa tsiku langa: m'mawa sola ndi mabuku, madzulo pakhonde, Loweruka ku Biwi ndikatumiza kaye za sabatayo. Nthawi zina malire ankandivuta, makamaka lole ikatsala pang'ono kutha pamene mutu wa kafukufuku ukudikira, ndipo masabata ena ku Biwi sindinkapita. Koma masamu ambiri amene ankandikanika patebulo ankamasuka okha ndikupinda waya. Ndipo aliyense wolowa pa geti lija, kaya wogulitsa makala kaya mlendo wa ku tchalitchi, ankauzidwa za fumbi asanapatsidwe mpando, osati ndi ine ayi, koma ndi mayi Nachisale.

Kwa amene akuyamba ntchito ya kafukufuku, chimene ndinatolapo ndi ichi: chida chako uchiteteze ndi mpanda, koma anthu okhala mkati mwa mpandawo uwauze chimene ukuchita. Ndipo kanthu kamene kamakusangalatsa usakataye poganiza kuti ukupulumutsa sukulu. Ukapatse nthawi yake, chifukwa munthu wouma mutu amene watseka chitseko sayeza bwino chilichonse.

Chaka chachiwiricho Okutobala anadutsa, sola ya kumanzere itafiira ngati njerwa. Tsiku lina masana, mu Novembala, kumwamba kunada, mphepo inanunkhira dothi lonyowa. Ndinathamangira kuseri kukachotsa kakhadi mu loga, n'kubwerera pakhonde madontho oyamba akundimenya pamsana. Mayi Nachisale anali ataima pomwepo, atasiya zovala pachingwe kuti zinyowe. Tinaonerera limodzi madzi ofiira akutsetsereka pa galasi n'kumagwera pansi.

"Zakwana?" anafunsa chapansipansi.

"Zakwana, amayi."

Anapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni umene wausenza chaka chonse. Kenako analoza mvula ija ndi chala.

"Mukawauze a Dokotala anuwo. Ulendo uno si ine."