Luciana ndi Magetsi Osazima

Inu amene munalakwitsapo poyera, anthu onse akuona, mpaka lero mumazemba njira yodutsa pamsika, khalani pansi. Nkhani iyi ndi yanu.

Linali Lachitatu masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene nyumba ya bambo Hassani, telala wa ku Mandimba, inagwira moto. Motowo unayambira pabokosi la magetsi. Pamene anthu ankafika ndi zidebe, denga linali litagwera kale mkati. Makina osokera awiri, filiji, mayunifolomu a ana a eni, zonse zinasanduka phulusa. Bambo Hassani anatulutsa khanda lawo lili moyo, koma dzanja lawo lamanja, logwirira sizasi, linapsa mpaka m'chigongono.

Luciana anafika akuthamanga. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Anthu anangomupatukira njira n'kumamuyang'ana. Aliyense ankadziwa amene analumikiza magetsi m'nyumba imeneyo.

Luciana anabadwira ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo, ndipo kwawo ku Mandimba anabwerera ali kumsana kwa mayi ake. Mayeso a kalasi yakhumi anamukana kawiri. Zamagetsi anaziphunzira ndi maso okha, poonerera amisiri, mpaka anayamba kulandira ntchito zakezake.

M'bokosi la magetsi la nyumba iliyonse mumakhala kachipangizo kotchedwa dijuntori. Ntchito yake ndi ya ulonda. Mawaya akayamba kutentha chifukwa cholumikiza zinthu zambiri, kapena akagundana, iyo imadula magetsi yokha nyumba isanapse. Koma ndani amakonda mlonda wozimitsa wailesi mpira uli mkati? Anthu ankadana nayo. Magetsi akazima ankati mmisiri anaika chinthu chofooka.

Ndiye tsiku lina pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba, Luciana anapeza munthu ali ndi thumba la madijuntori otsika mtengo. Maonekedwe omwewo ngati a enieni, zilembo zomwezo, ndipo anagula thumba lonselo. Ataika imodzi m'nyumba ina, mwini wake analumikiza filiji, ayironi ndi chitofu nthawi imodzi, koma magetsi ali nga! Mbiri inawanda mpaka ku Mitande ndi ku Ngauma: magetsi a Luciana sazima. Iyenso ankayenda motukula chifuwa. Sanafunse aliyense chifukwa chake sankazima, ndipo safunsa anadya phula.

Moto uja utachitika, anakhala masiku anayi osatuluka m'nyumba. Ankalira, ndipo manyazi ankamupweteka kuposa njala. Tsiku lachisanu anapita pabwinja paja, nafukula dijuntori yopsererayo m'phulusa. Anaikulunga pansalu pamodzi ndi ina yatsopano yotsala m'thumba lija, nakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba.

Kumeneko kunali bambo Gaspar, mmisiri wokalamba amene anthu ankawatchula kuti mesitiri, poti anagwira zamagetsi kunjanji zaka makumi atatu. Anali munthu wa pakamwa powawa koma wa manja oona. Anatenga yatsopano ija, naiyeza kulemera padzanja, naiswa ndi nyundo. Kenako anatsegula ina yeniyeni ya m'shopu mwawo n'kuziika pamodzi patebulo.

Yeniyeniyo inali yodzaza: waya wamkuwa wokulungidwa, kachitsulo kamene kamapindika kakatentha, timasipuling'i. Ya Luciana munali kachitsulo kamodzi kopyapyala, basi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

“Iyi si dijuntori, mwana wanga,” anatero bambo Gaspar. “Ndi swichi yovala jekete. Ngakhale nyumba yonse iyake, iyo izingopereka moto. Unaika zingati?”

“Makumi awiri ndi zitatu, mesitiri.”

“Epa! Ndiye kuti nyumba makumi awiri ndi ziwiri zikudikira tsiku lawo. Ukulira yomwe yapsa kale? Lirira zomwe zikadali chilili.”

Mawu amenewo anamudzutsa. M'nyumba zimenezo munkagona ana, nkhalamba, anthu amene anamupatsapo madzi akumwa ali pamakwerero. Anagwada n'kupempha kuti amuphunzitse ntchitoyo kuyambira pachiyambi, ngati munthu amene sanagwirepo waya. Bambo Gaspar anavomera monyinyirika. Anagwirizana kuti azigwira ntchito m'shopu mwawo sabata yonse, ndipo Loweruka lililonse azimupatsa madijuntori awiri enieni, ogulidwa kusitolo yodziwika.

Asanayambe, Luciana anazungulira nyumba zonse zija kuwachenjeza kuti asamalumikize zinthu zambiri nthawi imodzi. Ena anamvera. Ena anamumasulira agalu.

Loweruka lililonse ankakwera chapa m'mamawa, fumbi lili mbuu, chikwama cha zipangizo pamiyendo. Akafika pakhomo ankagwada n'kunena chilungamo chosakometsera: “Ndinakuikirani chinthu chabodza. Ndabwera kudzachotsa, ndipo simulipira kanthu.” Akachotsa yabodzayo ankaiswa pamaso pa eni nyumba kuti aone okha kuti mkati mulibe kanthu.

Mukuganiza kuti anamuombera m'manja? Ayi ndithu. Madijuntori enieni anayamba kugwira ntchito yawo, ndipo anthu anakwiya. Mlimi wina wa fodya ku Ngauma anamuimbira foni akukalipa.

“Iwe, zakale zija zinali zamphamvu! Izi mayi akangoyatsa ayironi, thi! Bweza zanga!”

Luciana anabwererako pa njinga yamoto ya kabaza, mvula ikumukwapula. Anamugwiritsa bamboyo waya wa kukhitchini, womwe unali wotentha ngati mbatata yootcha. Anamufotokozera kuti dijuntori ikazimitsa magetsi ndiye kuti ikuchenjeza, ndipo chofunika kukonza ndi mawaya. Anasintha mawaya opyapyala n'kuika okhuthala, nagawa mizere kuti khitchini ikhale payokha. Magetsi anasiya kuzimazima. Bambo uja anachita manyazi mpaka anamupatsa nkhuku yamoyo, imene inavutitsa anthu njira yonse m'chapa imene anakwera pobwerera.

Nyumba khumi. Nyumba khumi ndi zisanu ndi zitatu. Pofika mwezi wa Febuluwale inatsala imodzi yokha, ndipo inali yovuta kuposa zonse. Inali ya mayi Esha, mlongo wake wamkulu wa bambo Hassani, amene ankagulitsa zoziziritsa kukhosi ndipo anali ndi mafiliji atatu oyaka usana ndi usiku.

“Ukadzangoponda pakhomo pano ndidzakukhuthulira madzi owira,” anatero mayi Esha. “Sunakhute ndi dzanja la mlongo wanga?”

Luciana anawachonderera kuti aitane mmisiri wina aliyense, iye apereka dijuntori yokha. Mayi Esha anakana. Anati chilichonse chochokera m'manja mwake n'chatsoka, komanso magetsi awo sanawavutitsepo. Masabata asanu otsatizana Luciana ankafika, kukhala pamwala kunja kwa mpanda, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Anthu odutsa anayamba kumupatsa moni ngati mlonda wa pamalopo. Usiku tulo sankatiwona, poganiza za mafiliji atatu aja.

Panali khomo limodzi limene ankaliopa kuposa la mayi Esha. Chichitikireni ngozi ija anali asanayang'anepo bambo Hassani m'maso. Loweruka lachisanu ndi chimodzi analimba mtima. Anawapeza pakhonde la kanyumba ka lendi, akuphunzitsa dzanja lamanzere kudula nsalu. Anagwada pataliko.

“Bambo, amene anakuotcherani nyumba ndine. Sindinadziwe, koma kusadziwako n'kwanganso. Sindinabwere kudzapempha kuti mundikhululukire. Nyumba ya achemwali anu ili ndi chinthu chomwecho, ndipo ine sakundimvera.”

Bambo Hassani anaika sizasi pansi. Kenako anavala kofia yawo.

“Ndakhala ndikumva kuti ukuzungulira m'makomo,” anatero. “Ndinkati ndione ngati udzafike kuno. Tiye.”

Atafika, bambo Hassani anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa chipsera chonse.

“Achemwali, ine ndinapsa chifukwa palibe anabwera kudzandichenjeza. Inu munthu wakhala pamwala apa masabata asanu. Mukufuna kuti tifanane manja?”

Mayi Esha anatsegula geti koma nkhope ili gwa. Bokosi la magetsi linali m'chipinda chogona adzukulu awo awiri, pamwamba penipeni pa bedi. Luciana anazimitsa magetsi onse, namasula chivundikiro. Fungo la pulasitiki wopserera linadzaza chipinda. Mawaya anali akuda bii, chikopa chawo chitasungunuka ngati kandulo, ndipo thabwa la kumbuyo linali litasanduka kale khala. Atalikhudza ndi sikuludilaiva, linangoyoyokera pamtsamiro wa ana.

Mayi Esha anasuzumira pabedipo. Anakhala pansi, maso ali pamakala akuda amene anali pamtsamiropo.

“Mayi wanga ine,” anatero. “Mwana iwe, gwira ntchito yako.”

Luciana anaigwira tsiku lonse. Atamaliza anatuluka panja ndi dijuntori yabodza yomaliza, naiika pamwala umene ankakhalira uja, napereka nyundo kwa mayi Esha. Mayiwo anaimenya katatu, kachitatuko mwina akuganiza za wogulitsa uja. Anthu oyandikana nawo amene anasonkhana anaseka, ndipo mayi wina analuluta. Luciana analira ngati mwana, koma ulendo uno inali misozi ya munthu amene watula katundu. Nyumba zonse makumi awiri ndi ziwiri zinali chilili, ndipo palibe ina imene inapsa.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Pakamwa pomwe pankamuthamangitsa paja ndi pomwe panamulengeza, poti mayi Esha sadziwa kunong'ona. Aliyense wogula chakumwa ankamva nkhani ya thabwa lopserera, afune asafune. Bambo Gaspar anamukankha kuti akalowe maphunziro a zamagetsi, ndipo mtsikana amene mayeso anamukana kawiri uja anakhoza bwino mpaka kulandira satifiketi.

Lero Luciana ali ndi shopu yakeyake ku Mandimba, ndipo akuphunzitsa atsikana atatu. Womanga nyumba ku Mitande, ku Ngauma, ngakhale ku Entre Lagos, amadikira sabata ziwiri kuti apeze mpata kwa iye, ndipo amadikiradi. Katundu watsopano akafika, amasankha dijuntori imodzi n'kuitsegula pamaso pa ophunzira ake asanagulitse ina iliyonse. Munthu akabwera n'kunena kuti, “Achemwali, ndipatseni yosazima,” iye amamukhazika pabenchi n'kumuphunzitsa mpaka wogulayo aiwale kuti anali pachangu. Bambo Hassani anayambiranso kusoka, ndipo maovolosi a atsikana a m'shopumo amasoka ndi iwo, ndi dzanja lamanzere.

Tsono inu owerenga, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi a m'nyumba mwanu: ngati magetsi anu sazima ngakhale mulumikize zinthu zochuluka chotani, musanyadire. Itanani mmisiri wodziwa ntchito aone bokosi lanu, ndipo zotchipa za m'thumba zisiyeni m'thumba momwemo.

Achiwiri ndi a mumtima. Mwina nanunso munaononga chinthu chimene simungachibweze. Madzi akatayika saoleka, n'zoona, koma yang'anani zimene zikadali chilili, zimene mungathe kupulumutsa lero. Dzukani mupite pakhomo limene mumaliopa kwambiri. Akakubwezani, mubwererenso sabata yamawa. Musataye mtima, pitani mukagogode.