Ng'ombe Yofiira ndi Buku Lachisanu

Kunyumba kwathu, kumtunda kwa Tsangano, kunali mabuku asanu ndi limodzi: Baibulo, buku la nyimbo, ndi timabuku tinayi ta ana tomwe bambo ankasunga m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi jekete yawo ya kutchalitchi. Baibulo aliyense ankaligwira, ngakhale ndi manja ochokera kokumba mbatata. Koma ukafuna timabuku tinayito unkayenera kusamba kaye m'manja, kupukuta, kuwaonetsa bambo zikhatho zako, kenako n'kukhala pansi. Ine monga mwana wamkazi wovuta ndinkabwezedwa kawiri kawiri kuti ndikasambenso.

Mabuku anayiwo ankanena za ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ina yakuda ina yofiira, ndipo aliyense amene anapondako kusukulu ya mishoni kalelo ankazidziwa. Yakuda inali yofatsa, yoganiza kawiri isanaponde. Yofiira inali yamwano, yakuba chimanga cha eni, yoyankha mbuye wake mosaopa chikwapu, ndipo ndi imene tonse tinkaikonda. Choipa chake chinali chimodzi. Kumapeto kwa buku lachinayi mwini wake amaigulitsa kwa munthu wakutali, iyo n'kucheuka kuuza inzake kuti iisungire malo ake pagoli, ibweranso. Pansi pake analemba kuti nkhani ipitirira m'buku lachisanu. Buku lachisanulo silinatuluke, pakuti mlembi wake anamwalira asanaigwire ntchitoyo.

Mabukuwo poyamba sanali a bambo. Anali a akulu awo, amene ankalima nawo ndi kuyendetsa nawo ngolo ali anyamata. Akulu awowo popita ku Joni anawasiyira mabukuwo, n'kulonjeza kuti akafunafuna lachisanu m'masitolo a kumeneko. Sanabwerenso, ngakhale kalata. Kuyambira pamenepo bambo akakwera ngolo ankakhala kumanzere kwa thabwa, kumanja n'kusiya popanda munthu, ngolo n'kumayenda mopendekeka. Ife ana tinkakhala kumbuyo pamatumba n'kumaseka chamumtima. Mayi ndi amene anandinong'oneza tsiku lina kuti kumanjako kunkakhala alamu awo aja anapita ku Joni, ndileke kuseka.

Chaka chomwe sukulu inakhala yaulere ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa. Ine ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi pakamwa posatopa, basi anandilemba ntchito. Anandipatsa Sitandade 3, kalasi yake pansi pa mtengo wa bulugamu, bolodi yotsamira pathunthu, buku lowerenga ngakhale limodzi ayi. Kunkazizira moti ana ankabisa manja m'khwapa, choko n'kumandipulumuka m'zala. Kuti asathawe Lachisanu lililonse, ndinapita kukagwada kwa bambo kubwereka mabuku aja. Anandilumbiritsa ngati ndikukwatiwa, n'kumandipatsa limodzi limodzi, lokutidwa ndi pepala la khaki.

Ana anazikonda ng'ombe zija kuposa mmene ankandikondera ine. Amene ankajomba sabata yonse Lachisanu ankafika oyamba. Tsiku lomwe ndinatseka buku lachinayi, kamtsikana kena ka kutsogolo kanakweza dzanja.

"Madamu, ndiye inabwera?"

"Sitikudziwa," ndinatero. "Amene ankalemba anamwalira."

"Nanga analibe achibale?"

Ndinaseka, koma anzake sanaseke. Kwa iwo funsolo linali lomveka. Kwathu munthu akamwalira mbatata ili m'munda, abale ake amakakumba, saisiya iwole chifukwa choti mwini wake wagona.

Madzulo ake ndinawafunsa bambo funso lomwelo tili pakhonde. Maso awo nthawi imeneyo anali atayamba kuchita ng'ala, moti ankazindikira munthu ndi mawu, koma pakamwa panali pakuthwa ngati kale. Chiyambireni ntchito ankanditcha aphunzitsi, ndi ulemu wonse wa munthu amene akukuseka.

"Aphunzitsi, buku si munda," anatero. "Munda ukalowapo wina mbatata imakoma chimodzimodzi. Koma ng'ombe zimenezi zimayankhula ndi pakamwa pa munthu mmodzi. Mwini pakamwa adapita."

"Nanga inu simukulima munda wa malume anu? Dzina lomwe mumayitanidwa nalo pamaliro si la agogo anu?"

"Adandilowetsa masana, anthu atakhala pansi, aliyense akuona. Inu akulowetsani ndani? Boma lakupatsani choko, osati malemu."

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima ndimachita chomwe andiletsacho. Ndinagula kope kugolosale, ndinalikuta ndi pepala la khaki lomwe lija, n'kulikwinyakwinya kuti lioneke lakale. M'menemo ndinayamba kulemba ulendo wa ng'ombe yofiira wobwerera kwawo. Lachisanu lotsatira ndinaimirira pansi pa bulugamu n'kunena, maso ali gwa, kuti buku lachisanu ndalipeza ku Ntcheu boma pamulu wa mabuku akale ogulitsa pamsewu. Ndinanama chifukwa ndinkadziwa kuti nkhani ya madamu awo omwe amawakalipira za mamina sangaimvere. Ana anakuwa mpaka aphunzitsi aakulu anasuzumira pawindo la ofesi.

Ndisabise, ndinasangalala nako kulembako. Ng'ombe yanga inathawa kwa mbuye watsopano, inawolokera ku Mozambique, inaba buledi pamsika wa kumeneko, inathamangitsidwa ndi mayi wina atanyamula chipande. Ana ankagubuduka ndi kuseka, ine n'kumadziona ngati munthu wamkulu. Ndinaiwala kuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ana anakauza makolo awo, makolo anakakambirana kumsika, ndipo pasanathe masabata atatu nkhani inawapeza bambo atakhala pathumba la mbatata kudikira ogula.

Tsiku limenelo nditafika kunyumba ndinawapeza akusamba m'manja pabeseni, dzuwa likadalipo, chakudya chisanapse. Anapukuta pang'onopang'ono, anabwera pomwe ndinaima, n'kunditambasulira zikhatho zawo kuti ndizione.

"Ndamva kuti mwalipeza," anatero.

Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, koma izi sindinazikonzekere. Munthu anali atadikira buku limeneli zaka zoposa zanga zobadwa, ndipo tsopano anaima pamaso panga ndi manja oyera ngati mwana. Kunena zoona pamenepo kunandikanika. Ndinati buku ndalisiya kusukulu, ndidzawawerengera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Chifukwa chenicheni n'chakuti ng'ombe yanga inali ikadali ku Mozambique, ndipo mapeto ndinalibe. Loweruka lonse ndinabisala m'kalasi ya Sitandade 8, ndikulemba ngati wothamangitsidwa.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde. Mayi anali chapatali akutongola nyemba, khutu limodzi lili kuno. Bambo anapempha kuti aligwire kaye bukulo. Analisisita, analiyeza kulemera kwake m'manja, analinunkhiza, n'kundibwezera. Ndinayamba kuwerenga.

Pa buledi wa ku Mozambique anaseka mpaka kutsokomola. Ndinalimba mtima. Kenako tinafika pomwe ng'ombe ikukangana ndi kondakitala wa minibasi pa Biriwiri, iye akuti ilipire mipando inayi.

"Minibasi?" anatero bambo. "Malemuwa adali mneneri ndithu. Nthawi yawo kuno kunkadutsa basi imodzi pa sabata."

"Mwina ankaona patali," ndinayankha.

"Pitirizani, aphunzitsi."

Patsogolo pake ng'ombe inadya chipepala cha kampeni chomwe chinamatidwa pamtengo, n'kudwala m'mimba masiku atatu. Bambo anati malemuwa ankadziwanso za mavoti, Mulungu awalandire. Mayi anaweramira m'lichero, mapewa akugwedezeka. Pamenepo ndinadziwa kuti ndagwidwa, koma popeza woweruza mlandu ankaseka, ndinaganiza kuti ndapulumuka. Ndinawerenga mwamphamvu mpaka kumapeto, pomwe ng'ombe yofiira ikutulukira paphiri patatha zaka ziwiri, yowonda, nyanga imodzi itathyoka. Yakuda inalira, mwini wake anathamanga kukatenga goli, ndipo yofiira inapita yokha kukaima kumanzere, pambali pa inzake.

"Imani pomwepo."

Kuseka kunali kutatha. Anandiuza kuti ndibwereze mzere womalizawo, ndipo ndinabwereza.

"Kumanzere? Iwe mwana iwe, kumanzere?"

Uphunzitsi wanga unathera pomwepo, ndinabwerera kukhala iwe. Anandituma kukatenga bokosi lachitsulo, n'kundiuza kuti nditsegule buku lililonse ndione zithunzi. Iwo sankatha kuziona, koma ankadziwa tsamba lililonse. Pa chithunzi chilichonse cha ngolo, ng'ombe yofiira inali kumanja. Mabuku amenewa ndinali nditawawerenga kuyambira ndili wamng'ono, ena ndinkawanena pamtima, koma chimenechi sindinachionepo. Kwathu goli ndi ntchito ya ana aamuna. Ine ng'ombe ndinkaidziwira kumbuyo, nditakhala pamatumba.

"Ng'ombe iliyonse ili ndi mbali yake," anatero bambo. "Yomwe idaphunzira kumanja ukaiika kumanzere imapotoza goli, imagona pansi, ngakhale uimenye bwanji siikoka. Mwana aliyense woweta m'kalasi mwakomo akadakuseka. Minibasi ndakhululuka, chipepala cha mavoti ndakhululuka, zimenezo n'zocheza. Koma iyi idapempha chinthu chimodzi chokha pochoka, kuti aisungire malo ake. Iwe waiyendetsa mtunda wonsewu kuti idzapeze malo ake palibe?"

Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira, ine mphunzitsi wa boma. Sindinalire chifukwa chogwidwa bodza. Ndinalira chifukwa ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndikuidziwa kuposa bambo, munthu wa Sitandade 3 yakale, pomwe ndinangotola nthabwala zake n'kusiya chomwe iwo ankaisungira m'bokosi. Mpaka lero anthu akamatsutsana ngati n'koyenera kuti wina apitirize mabuku a ana omwe eni ake anamwalira, ine ndimati apitirize, ana sangadikire manda. Koma ayambe wafunsa amene anakula nawo mabukuwo kuti ng'ombe iti imaima mbali iti, chifukwa safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pakhonde pa bambo anga.

"Munadziwa liti?" ndinawafunsa nditapukuta misozi.

"Utangondipatsa. Buku lakale limanunkha utsi ndi mphemvu. Lakoli likununkha sopo wa kugolosale."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndimafuna ndimve ngati ibwere."

Mayi analeka kutongola nyemba. Kenako bambo anakonza kukhosi n'kuyamba kugamula mlandu. Choyamba, pepala la khaki lichoke, ndipo pachikuto ndilembe kuti walemba ndine, malemu ndisawasenzetse minibasi yomwe sanaikwere. Chachiwiri, Lachisanu ndikawauze ana zoona ndi pakamwa panga, masana, onse atakhala pansi. Ndinadandaula kuti akandinyoza. Iwo anati ukalowa m'munda wa malemu umalowera kukhomo, wolowera kumpanda ndi wakuba ngakhale atapalira bwino. Ndinakawauzadi ana aja, ndipo sanasamale n'komwe. Kamtsikana kaja kanangofunsa ngati ndiye kuti ine ndine wachibale wa malemu, anzake n'kumakuwa kuti ndiwerenge msanga.

Chachitatu chinachitika pakhonde pomwepo. Anandiuza kuti nditenge cholembera, ndifufute kumanzere ndilembe kumanja. Ndinatero. Anati ndiyambirenso pomwe ng'ombe ikutulukira paphiri. Ndinawerenga, ng'ombe inatsika phiri, yakuda inalira, goli linabwera, yofiira inakaima kumanja. Anati ndibwerezenso. Kachitatu ndinawerenga pang'onopang'ono, iwo atatembenukira kumsewu wochokera kumsika, womwe maso awo sankauonanso.

Kenako anatenga kope lija n'kuliika m'bokosi pansi pa mabuku anayi aja, osati pamwamba, kuti ndisadzimve. Akutseka anandifunsa kuti m'nkhani yanga ng'ombe ija yachedwa zaka zingati. Ndinati ziwiri.

"Si zambiri," anatero. "Ena amachedwa kuposa pamenepo, malo n'kukhalapobe."

Mmawa mwake ndikupita kusukulu bambo anandipitirira pangolo, mlongo wanga akuyendetsa ng'ombe chapansi. Anandiitana kuti aphunzitsi kwerani, mungachedwe. Ndinakwera kumbuyo pamatumba monga kale, iwo ali kumanzere kwa thabwa, ngolo ikuyenda mopendekeka.