Mankhwala Ofiira a Amalume

Supuni ija inali yopindika kumchira, ndipo amayi ankaisomeka kudenga kuti wina asadyere phala. Inali yanga ndekha, yomwera mankhwala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kwathu m'munsi mwa Chongoni, chaka chimene chifuwa chinandigwira chisanu chikungoyamba, osandisiyanso.

Kuchipatala amayi anapita nane kamodzi. Anyamata a chipani anatibweza pachipata chifukwa amayi analibe khadi la chipanicho. Apa amalume, amene ankasesa m'sitolo ya mankhwala ku boma, anayamba kutibweretsera mabotolo a mankhwala amadzi, ofiira, otsekemera ngati uchi koma owawasa kumapeto kwa lilime. "Muzimupatsa akangotsokomola," ankatero. "Izi ndimazidziwa ine." Palibe chimene ankadziwa. Lero ndili ndi imvi, koma sindinawakhululukire.

Ndinkamwa m'mawa, masana ndi pogona, n'kugona nawo m'kamwa osachukucha. Nthawi zina ndinkatsokomola dala.

Pofika mu Ogasiti mano akutsogolo, amene anali atangomera kumene, anasanduka achikasu, m'mphepete mwake mukunyenyeka ngati choko. Madzi a pachitsime akawakhudza ndinkadumpha. Mphepo yotsika m'phiri inkandilasa m'kamwa, moti ndinkayenda dzanja lili pakamwa.

Aphunzitsi anandiimika kutsogolo kwa kalasi. "Yasamula. Onani mano a mwana wakuba shuga." Chonsecho shuga kwathu tinkamuona pa Khirisimasi pokha. Kuyambira tsiku limenelo anzanga ankanditchula Nachiswe. Azakhali nawo anabwera kudzalalatira amayi pabwalo kuti mwana amuwononga ndi uve. Amalume anali pomwepo, akusenda nzimbe.

Tsiku lina sisitere wa unamwino anabwera kudzachita sikelo ku tchalitchi. Amayi anandikokera kumeneko, botolo atalikulunga m'chitenje. Sisitere anandiyang'ana m'kamwa, nanunkhiza botololo.

"Mayi, muli shuga ndi zowawasa umu. Zadya chikamba cholimba chakunja kwa mano, ndipo chikatha sichimeranso. Mwana akamwa zotere azichukucha ndi madzi. Wakupatsani ndani mabotolo onsewa?"

"Ndinkagula ndekha," anatero amayi, maso ali pansi.

Sisitere anawakalipira pamaso pa azimayi onse. Amayi anangoti, "Ndamva."

Titafika kunyumba amayi anatsanulira mankhwala otsalawo kudzala. Ndinawamenya ntchafu ndi tizibakera tanga, ndinawanena kuti ndi mfiti, ndipo kwa sabata yathunthu sindinawayankhe akandiitana. Ndinawadanso chifukwa cha bodza lija, poti kunyumba ankatikwapula tikanama.

Sindinkadziwa kuti mabotolowo amalume ankawatulutsa mobisa kuntchito kwawo, ndipo kuti dzina lawo likanangotchulidwa akanamangidwa. Sindinkadziwanso kuti amayi anasankha kusenza okha manyazi a alongo awo. Ine ndinkangoona mayi wankhanza amene wanditayira chinthu chokhacho chotsekemera m'nyumba mwathu.