Ndowa za Manyowa pa Manda a Amayi

Ndinadzuka kusanache, miyendo itachita dzanzi chifukwa tinagona mothithikana pansi. Azimayi a kwaya anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo panja amuna ankawodzera pamabenchi, moto utatsala makala okhaokha. Linali tsiku loika amayi anga.

Ndinazungulira kuseri kukatunga madzi. Kumeneko, pakati pa nyumba yathu m'komboni ya Mtendere ndi ngalande, kunali milu isanu ndi umodzi ya manyowa, yofunditsidwa masaka. Amayi anayamba ntchitoyi chaka chimene malemu bambo anachotsedwa ntchito kampani yawo itagulitsidwa. Feteleza anali atakwera mtengo, galimoto yotola zinyalala itasiya kulowa m'komboni. Amayi ankapita kumsika ndi wilibala kukatola tomato woola, masamba ofota ndi makoko a nthochi, n'kumazisanjika ndi phulusa komanso zitosi za nkhuku. Poyamba anthu ankawaseka. Koma ataona kukula kwa repu wawo, azimayi anzawo anayamba kubwera ndi ndowa, gulu n'kubadwa.

Pamiluyo ndinapeza amalume, achimwene awo a amayi, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Kitwe. Anali atavala kale suti, mpango uli pamphuno.

"Ivi vinyalala vichokepo," anatero. "Malilo yakatha, apa tizamanga nyumba za lenti."

Iwo ndiwo anali mkulu wa banja, ndipo mawu omaliza anali awo. Ndinabwerera ndi madzi ndikuganiza kuti tsiku limenelo tikwirira amayi pamodzi ndi ntchito yawo.

Kutacha kunja kunali mitambo, kotentha kopanda kamphepo. Moto unayaka m'mafuwa mpaka utsi unadzaza kanjira konse. Tinkada nkhawa kuti ndiwo sizikwana, koma pasanapite nthawi malichero anayamba kufika. Wina anabwera ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, wina timabiringanya ta impwa, wina therere. Mayi wina wachisilamu, amene makolo ake anachokera ku Malawi, anatula dengu la anyezi aakulu ngati nkhonya, n'kungonena kuti onsewo anamera m'dothi la malemu. Panafika anthu a ku Kalingalinga, a ku Chawama ndi a ku Chilenje, ambiri amene sindinkawadziwa, aliyense atanyamula kanthu kochokera m'kadimba kake. Ophika ankasenda n'kumaponya makoko m'mgolo wapadera popanda wowauza.

Mwambo wa kutchalitchi utatha, tinakwera malole awiri ndi maminibasi. Nyimbo zinayamba zachisoni, koma tisanatuluke m'komboni zinali zitasanduka zovina nazo. Amsika anaimirira m'mbali mwa msewu, ena akukweza mitolo ya masamba m'mwamba. Azimayi a gulu la amayi anakhala kumbuyo kwa lole, aliyense atafukata ndowa yovundikira ndi chitenje. Ine ndinkayesa ndi madzi akumwa.

Dothi la kumanda linali lofiira, lamiyala. Bokosi litatsitsidwa ndi kukwiriridwa, achibale tinaitanidwa kuika nkhata za maluwa. Kenaka anabwera azimayi a gulu aja, atatsogozedwa ndi wapampando wawo, mayi wamfupi wachibemba. Anavundukula ndowa. Munali manyowa akuda bii, ofewa ngati ufa. Anawakhuthula pamtumbira mmodzimmodzi, akusalaza ndi manja, n'kubzalapo timitengo ta maluwa.

"Aba amai sibangagone pa nthaka yanjala," anatero wapampandoyo, ndipo anthu anaseka misozi ili m'masaya.

Ife kwathu ndi kuchigawo cha kum'mawa, ndipo Abemba ndi anzathu ochita nawo nthabwala. Pamaliro athu mwambo umawalola kutipaka ufa ndi kutinyoza mmene angafunire, ife osakwiya. Tsiku limenelo ufa sanautenge. Wapampandoyo anali atamva zimene amalume ananena m'mawa. Anatapa manyowa otsala m'ndowa, n'kuwapaka amalume pachipumi, m'masaya ndi pakolala ya shati yoyera.

"Nunkhizani, ba malume! Ndiye vinyalala vamene mufuna kutaya ivi?"

Amalume anayang'ana suti yawo, nkhope itauma. Kenaka anachotsa kadothi patsaya, n'kukafikisa ndi zala, n'kukanunkhiza. Atatero ananena motsitsa mawu kuti fungo lake likumveka ngati la munda wa bambo awo ku Katete mvula yoyamba ikagwa. Ndiye anaseka, phwete lenileni, ndipo azimayi analulutira n'kuyamba kupaka tonsefe.

Mvula inatipeza m'njira tikubwerera, ndipo palibe amene anafuna kubisala. Tinafika kunyumba matope akuda akuyenderera kumaso. Anthu atasamba m'manja ndi kudya, amalume anaimirira kuthokoza obwera. Pomaliza anatembenukira kwa azimayi a gulu lija n'kuwauza kuti malo a kuseri ndi awo, apitirize, ndipo makiyi a kachipinda ka mafosholo akhala ndi ine. Azimayi anayi ananyamula mgolo wa makoko uja akuvina, n'kukayamba mulu wachisanu ndi chiwiri mvula ikuwavumba.

Pofika madzulo mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi. Alendo otsala anagona msanga ndi kutopa. M'nyumba munangotsala kudontha kwa madzi kuchokera pamalata. Ndinateleka tiyi pambaula, ndipo mwachizolowezi ndinatulutsa makapu awiri. Nditazindikira, ndinaima ndi kapu yachiwiriyo m'manja, ndipo m'pamene ndinalira kulira kwanga ndekha.

Pakhomo la khitchini panaima amalume, atavala vesiti, mapazi ali pansi. Anadikira mpaka nditapukuta maso. Ndinawathirira tiyi m'kapu ija, ndipo tinamwa limodzi. Atamaliza anasuzumira m'ketulo.

"Nanga masamba ya tiyi," anafunsa, "nayo yayenda pa mulu?"