Dzina Limene Mvula Inafufuta

A Dou Mancang anagwira ntchito zaka makumi anayi pa mwala umodzi. Mwalawo uli m'bwalo la kachisi wakale m'tauni mwathu muno, ndipo anauzokota zaka chikwi zapitazo pokumbukira mkulu wina amene anakumbitsa ngalande. Ngalandeyo inauma kalekale. Chimene anthu amadzera ndi dzanja lokongola la mlembi wa mawu a pamwalapo.

Ntchito ya a Dou inali kunyowetsa pepala, kulimata pamwalapo, kulimenya ndi burashi mpaka lilowe m'mizere yonse, kenako kuliguguda ndi kampukutu ka nsalu konyika mu inki. Pepala linkada bii, zilembo n'kutsala zoyera. Ana a m'chigawo chonse anaphunzira kulemba poonera mapepala amenewo. A Dou eniakewo zilembo zakalezo sankatha kuziwerenga.

Ine ndine kalaliki ku ofesi ya zinthu zakale. Chaka chatha akatswiri anapeza kuti dzina la mlembi, limene linali pakona yam'munsi, linafufutika. Analamula kuti mwala utsekeredwe m'galasi, ndipo lipoti, limene ndinatayipa ndekha, linati yalakwa ndi mvula. Mwalawo wakhala pansi pa denga chiyambire.

Lachiwiri lina a Dou anafika ku ofesi ndi mpukutu wa mapepala m'khwapa ndi tiyi wawo wa m'botolo la jamu. Anayala mapepala asanu patebulo la bwana wathu, a Mi. Loyamba analipanga ali ndi zaka makumi awiri, ndipo dzina linkaoneka bwinobwino. Pa pepala lachitatu linali ngati mapazi a nkhuku. Pa pepala lachisanu panali chikanga choyera basi.

"Si mvula, bwana," anatero. "Pakona pepala limakonda kumatuka, ndiye ndinkamenyapo kawiri. Tsiku ndi tsiku."

"Ndiye mukufuna chiyani, madala? Tikumangeni?"

"Ayi. Mungolemba kuti ndi ine."

A Mi anaseka mpaka kutsokomola. "Anzanu amabwera kudzakana milandu, inu mwabwera kudzalanda mlandu wa mvula! Kodi kunyumba kulibe chochita?"

"Kulibe. Mayi aja anapita chaka chatha."

Bwana anakanda pamphuno. Anafotokoza modekha kuti lipotilo lili ndi zidindo zitatu, china chochokera kulikulu. Mvula ilibe amene amaiyang'anira, pamene a Dou anali ndi owayang'anira asanu ndi awiri, ndipo wachisanu ndi chiwiriyo anali a Mi.

A Dou sanakwiye. Anamwa tiyi, n'kufunsa ngati pali fomu. Ndinawauza kuti fomu yodandaula ilipo, yodzineneza sinasindikizidwe.

Pa mwambo wotseka galasi anawapatsa satifiketi yowathokoza posamalira chuma cha makolo. Dzina lawo linalembedwa ndi makina. Anailandira ndi manja awiri, anthu anaomba m'manja, iwo akuyang'ana pakona paja.

Tsopano ntchito yawo ndi kupukuta galasilo m'mawa uliwonse. Amayambira pamwamba, n'kutsika pang'onopang'ono, ndipo pakona yam'munsi amapukutapo kawiri. Alendo akawafunsa chimene chinadya dzinalo, amawalozera kachikwangwani kathu konena kuti ndi mvula.

Mapepala asanu aja sanawatenge. Bwana anati ndiwasunge poyenera. Ali mu fayilo ya zanyengo.