Satifiketi ya Che Uladi

Che Uladi anagwira umesenjala pa ofesi ina ya boma ku Balaka zaka makumi atatu ndi chimodzi. Inali ntchito ya miyendo: kunyamula fayilo kuchoka kwa bwana wamng'ono kupita kwa bwana wamkulu, kenako kuibweza poti wamkuluyo ali ku semina ku Liwonde. Inalinso ntchito ya khosi. Mesenjala sayang'ana bwana m'maso. Amaima pakhomo, manja kumbuyo, mutu pansi, moti mabwana asanu ndi awiri amene anadutsa pa ofesipo Che Uladi ankawazindikira ndi nsapato.

Atapuma anapatsidwa satifiketi ya m'feremu, yosainidwa ndi munthu amene sanamuonepo, chidindo chabuluu pakona. Akazi awo, Abiti Zubairu, anaiponya pamwamba pa kabati.

Chaka chachiwiri sitiroko inawapeza Che Uladi akumangirira khasu panjinga. Sinali yaikulu, koma mwendo wamanzere unayamba kumva zinthu mochedwa, ngati kalata yodzera kulikulu. Abiti anamanga njinga ija ndi tcheni, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje.

"Nandolo wanga kwa Kalembo atha ndi mbuzi, mayi."

"Zidye. Nandolo timadzala chaka ndi chaka. Inuyo tikakukwirirani simumera."

Kuchipatala, Ophelia, mtsikana wa fiziyo wolimbitsa ziwalo za odwala, anawaphunzitsa kaimidwe ka yoga kotchedwa mtengo: kuima ndi mwendo umodzi popanda nsapato, phazi linalo litatsamira pakatumba, manja ataphatikiza pachifuwa.

"Mukakwanitsa masekondi makumi atatu osagwira khoma, amayiwa akupatsani kiyi."

Abiti anavomera ndi mutu. Lamulo linadutsa popanda komiti.

Milungu iwiri yathunthu Che Uladi ankathera pa masekondi anayi, mtengo n'kugwa. Ulendo wachitatu Ophelia anawaonetsetsa.

"Bambo, pansipo mwataya chiyani?"

"Palibe, adokotala."

"Ndiye dzutsani mutu. Mundiyang'ane pamphumi apa."

"Iyayi, adokotala. Si ulemu."

Mtsikanayo anali msinkhu wa mwana wawo womaliza, koma anavala gauni yoyera ndi baji, ndipo khosi la Che Uladi linkadziwa chochita likaona baji.

"Ulemuwo ndi umene ukukugwetsani," anatero Ophelia. "Kumene mutu wapita, thupi limatsatira. Mupeze chinthu chosasuntha, cholingana ndi maso anu, muzichiyang'anitsitsa."

M'minibasi pobwerera anailingalira nkhaniyo. Zinthu zosasuntha anaziona zambiri m'boma, kuyambira fayilo ya kukwezedwa kwawo, koma panyumba panali chimodzi chokha chochokera kumeneko. Anatsitsa satifiketi ija, anaipukuta fumbi, anaikhomera pakhoma molingana ndi mphuno.

Masiku oyamba maso ankatsika okha. Iwo ankawabweza pachidindo, monga mmene munthu amabwezera ng'ombe mumzere. Mapepala a chidindo chimenechi anawanyamula moyo wawo wonse, ena atawabisa m'malaya kuopa mvula, koma anali asanachiyang'anepo bwinobwino. Tsopano anaona kuti chinadindidwa chopendekeka, inki yosakwana mbali imodzi. Wodindayo ayenera ankathamangira nkhomaliro. Sizinawapweteke. Anangodabwa kuti kanthu kameneka ndi kamene kanawaweramitsa zaka zonsezo.

Anafika pa khumi, kenako pa khumi ndi asanu ndi atatu, zala zakuphazi zitagwira simenti ngati za nkhuku pamtanda.

Lachinayi lina m'mawa anaitana akazi awo kuti awerenge. Abiti ankawerenga mozengereza dala, kutsokomola pakati, kufunsa ngati anamwa mankhwala. Atafika pa makumi awiri ndi asanu ndi anayi anaima kaye kukonza mpango. Mtengo unagwedezeka pang'ono, osagwa.

"Makumi atatu," anatero monyinyirika, akumasula mfundo ya chitenje. "Muvale chipewa. Ndipo mukaona lole mutsike."

Kwa Kalembo mbuzi zinali zitadya mizere isanu ya m'mphepete. Mwini wa mbuzizo anali mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi, munthu wa taye ndi nsapato zowala. Che Uladi anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anamupatsa moni, ndipo nkhani ya nandolo anaiyamba akumuyang'ana pamphumi.