Munthu Wokweza Nsungwi

Aleke Kamphinda anafika ku Doha asanaonepo hatchi ndi maso ake. Kwawo ku Linthipe anakula akuyendetsa ngolo ya abulu a malume ake, kututa kachewere kupita naye kumsika, ndiye mukamuputa nkhani ya bulu ankakuuzani mpaka makutu kuwawa. Koma ntchito imene anabwerera kuno inali ya ulonda pa hotela: kuima pakhomo, kumwetulira, ndi kulandira anthu pa chitseko chimene chimatseguka chokha.

Kenako kunagwa korona. Alendo anatha psiti, hotela inatsekedwa, ndipo kampani imene inamulemba inayamba kumwaza anthu ake kulikonse kumene kunali mpata. Mkulu wa ku ofesi anafunsa ngati panali wina amene anasungapo ziweto. Aleke, munthu wosadziwa kubisa mawu, anakweza dzanja. M'mawa mwake anapezeka kunja kwa mzinda, pa khola la mahatchi la bwana Hassan, khola lozizira bwino ndi makina kuposa kachipinda kamene ankapanikizanamo ndi anzake ku Umm Ghuwailina.

Bwana Hassan anali mwana wa banja lolemera, katswiri pa mpikisano wodumphitsa mahatchi pamwamba pa mipiringidzo. Tisamunamizire, sanali munthu wokalipa. Antchito ankawatchula mayina awo, ankawagulira mamasiki, ndipo nthawi ya Ramadani ankawatumizira mpunga ndi nyama ngakhale amene sanali kusala. Mwa mahatchi ake onse, imene ankaidalira inali yaikazi yotuwa, dzina lake Lulua. Lulua anali wamantha komanso wamakani. Munthu wosamudziwa akalowa m'chipinda chake, ankapinda makutu n'kumuonetsa ziboda.

Miyezi ya lokidauni geti linali lotseka, antchito osatuluka. Anzake akamacheza pa foni, Aleke ankakhala pa ndowa yovundikira pakona ya chipinda cha Lulua n'kumamulankhula Chichewa. Ankamuuza za mkazi wake Tawina, za denga la kwawo lodontha, za abulu amene ankakana kuwoloka mlatho. Hatchi ya ku Ulaya imva chiyani za Linthipe? Komabe tsiku lina Lulua anabwera yekha n'kutsamiritsa chibwano paphewa pake. Aleke anasangalala kwambiri, mpaka anamuimbira Tawina kumuuza kuti wapeza mnzake. Tawina anati bola mnzakeyo akhale wa miyendo inayi.

Lulua anali ndi vuto limodzi. Akamadumpha sankapinda mokwanira miyendo yakutsogolo, ndiye ankakhudza mpiringidzo n'kuugwetsa, ndipo pa masewera amenewa mpiringidzo ukagwa chikho chapita. Mankhwala a bwana Hassan anali nsungwi yaitali. Munthu amanjuta pambali pa podumphira atagwira nsungwiyo, ndipo hatchi ikakhala m'malere, amaikweza msanga kuti imenye misongolo. Hatchi imaganiza kuti yadzigunda yokha, ndiye ulendo wotsatira imakweza miyendo chifukwa cha mantha. Malamulo a masewerawa amaletsa zimenezi, ndipo aliyense pakholapo ankadziwa. Koma geti linali lotseka, kunalibe mlendo woti n'kuona.

Anayamba ayesa antchito ena, osatheka. Lulua akangoona munthu atanjuta pamenepo, ankapatuka. Ndiye bwana Hassan anaitana Aleke. Lulua atamuona, anaimika makutu n'kubwera molunjika, mosakayika, chifukwa pamene pali mnzake palibe choopsa.

"Yala, tiye Aleke!" anafuula bwana Hassan.

Nsungwi inalira kuti kho! Lulua anatera akupepesuka, maso ali tong'o. Ulendo wachiwiri anadumpha bwino kwambiri moti bwana Hassan anaomba m'manja ali pamsana pake. Atatha masewera, ndi Aleke yemwe anatenga madzi oundana kukathowa misongolo yotupayo, Lulua akumununkhiza m'khosi ngati womupulumutsa. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti hatchiyo sinamukayikire ngakhale tsiku limodzi.

Poyamba anali ndi pobisala. Ankati kuno munthu sasiya ntchito popanda NOC, chilolezo cha bwana wake, ndiye achite bwanji? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma chaka chomwecho chisanathe lamulo linasintha, boma linalengeza kuti wantchito akhoza kusamukira kwa bwana wina popanda kupempha chilolezocho. Amalawi anzake pa gulu la pa foni anali chikondwerero chokhachokha, aliyense akukamba zochita transifa. Aleke yekha sanakondwere, chifukwa lamulolo linamulanda chodzikhululukira. Anapeza china msanga: akachoka iye, adzabwera wina wa dzanja lolemera. Bodza limeneli linali ndi kachoonadi mkati mwake, n'chifukwa chake linkamezeka.

Mlandu suwola. Munthu wina pakholapo anajambula vidiyo mobisa, ndipo mipikisano itayambiranso chaka chotsatira, vidiyoyo inayamba kuyenda m'mafoni. Nkhope ya Aleke inkaoneka bwinobwino, nsungwi ili m'manja. Wokwerayo ankaoneka msana wokha, ndipo mawu ake sankamveka. Akuluakulu oyendetsa mpikisano anatumiza dokotala wa ziweto, mayi wa ku Sudan dzina lake Maimuna. Iye anapapasa miyendo ya Lulua, napeza timabampu m'misongolo yonse iwiri, kenako anaitana onse m'chipinda cha alendo.

Dokotalayo sanazungulire. Anati ngati wokwera ndiye analamula zimenezi, aimitsidwa ndipo hatchiyo ichotsedwa m'manja mwake. Ngati wantchito anachita mwa yekha, wantchitoyo ndiye achoke. Bwana Hassan anali atanena kale kuti munthu akakhala pamsana pa hatchi amayang'ana kutsogolo, saona zochitika pansi. Ananena zimenezi nkhope ili gwa, abale ake awiri atakhala pambali pake.

Tsono apa ndi pamene Aleke analakwitsa chikwathukwathu. Kumene iye anakulira, wamkulu akaterereka pamaso pa alendo, wamng'ono samuvula. Umasenza cholakwacho, alendo n'kupita, ndipo wamkuluyo poona kuti wamuphimba manyazi amadzikonza yekha mwakachetechete. Malume ake anagulitsapo bulu wodwala, wogula atabwera ndi ukali Aleke anati ndi iye amene anasankha buluyo molakwitsa, ndipo malumewo sanabwerezenso. Ankakhulupiriradi kuti bwana Hassan achita chimodzimodzi. Mantha analiponso, tisabise, mantha a munthu amene pasipoti yake ndi ya dziko losauka.

"Anakuuza ndani kuti ukweze nsungwi?" anafunsa dokotalayo.

"Maganizo anga, madamu."

Mayiyo anatsitsa masiki kuti amuone bwino. Anamuuza kuti asaope, lamulo tsopano likumulola kupeza ntchito kwina, ndipo anamufunsanso kachiwiri. Aleke anayang'ana kapeti n'kubwereza mawu omwewo. Dokotala Maimuna anapumira m'mwamba, natola chikwama chake.

Kwathu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kuno zinatembenuka. Bwana Hassan anangochenjezedwa kuti aziyang'anira antchito ake, Lulua anatsala m'khola momwemo, ndipo Aleke analetsedwa kugwiranso ntchito ya mahatchi. Bwanayo anamuthokoza pomugunda ndi chigongono monga mwa moni wa masiku amenewo, nati, "Khalasi, zatha." Sanamuvutitse posamuka. Aleke anabwerera ku ulonda, pa geti lina ku Ras Abu Aboud, kufupi ndi pamene ankamanga bwalo la mpira la makontena. Ankaima padzuwa tsiku lonse akudzitonthoza kuti bola nsungwi ija inatayidwa.

Malo amene anasiya sanakhalitse opanda munthu. Ku Umm Ghuwailina ankagona chipinda chimodzi ndi Edwin Mataka wa ku Ntcheu, bambo wa ana anayi amene ntchito yake ya udalaivala inatha ndi korona. Edwin atamva kuti kukhola kukufunika munthu, anafunsa Aleke ngati ndi kwabwino. Apa mpamene akanayenera kumuuza zonse. Koma chifukwa cha manyazi anangoti chakudya n'chabwino, bwana sakalipa, ndipo yotuwayo imakonda kulankhulidwa Chichewa. Edwin anapita, ndipo patapita miyezi anatumiza chithunzi Lulua atatsamira paphewa pake. Aleke anachiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukumuuza zimene sankafuna kumva.

Lachisanu lina masana, tsiku lopuma, Aleke anali panja pa kasitolo akumwa tiyi wamkaka wotchedwa karaki pamene foni inalira. Anali Edwin, mawu ake otsika ngati munthu wolankhulira kuseri kwa khoma. Anati mpikisano waukulu wayandikira ndipo bwana wamupatsa nsungwi. Wayesa dzulo ndi dzana, koma akumafulumira. Dzulo wamenya bondo, Lulua wagwada pamchenga, magazi atuluka, ndipo lero akutsimphina. Mawa m'mawa abwerezanso.

"Achimwene, bwana akuti inuyo munkadziwa taimingi yake. Ndithandizeni, ndingamuthyole mwendo."

Tiyi uja anazizira m'manja. Aleke anafuna kunena kuti itayeni nsungwiyo, pitani kwa dokotala Maimuna. Koma Edwin anali atangofika kumene, ana anayi akumudikira, ndipo akakana mawa nsungwi idzagwidwa ndi wina amene Lulua sakumudziwa n'komwe. Nanga iye mwini apite akanene kuti chiyani? Anafunsidwa kawiri, pamaso pa anthu, mpata uli poyera, ndipo kawiri konse anaitsekera hatchiyo m'khola ndi pakamwa pake. Anadziwa pamenepo kuti sanaphimbe manyazi a wamkulu ayi, anangomuphunzitsa kuti wonyamula mlandu amapezeka.

Edwin anafunsa ngati akadali pa foni. Aleke anakhala pansi pa khonde la sitoloyo, misozi ikulengeza, nayamba kulankhula pang'onopang'ono kuti mnzakeyo amve bwino.

"Musayang'ane mutu wake, yang'anani ziboda. Dikirani mawondo adutse kaye. Mukweze pang'ono chabe, ndi dzanja lofewa, imukhudze pansi pa bondo osati pa bondo penipeni. Ndipo akamabwera, musamuyang'ane m'maso."

"Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Adzakhala akukuyang'anani inuyo."

Edwin anathokoza kwambiri, nati Mulungu amudalitse chifukwa cha mtima wake wabwino pa ziweto.